Msana Sunauzidwe

Bala linapola mwezi wachitatu.
Ulusi anachotsa, tsitsi linamera,
njinga yamoto ndinaiwalako, yatsala ndi ngongole.
Koma msana palibe anauuza.
Msana ukadali pa msewu wa ku Mkanda,
madzulo aja, pamene wokwera kumbuyo
anati, "Taimani pang'ono, achimwene,
chipewa chagwa."

Kutchalitchi ndimakhala benchi lomaliza,
khoma kumbuyo.
Mayi a ana akandikhudza phewa
kapu imagwa pansi.

Kuchipatala cha pa boma,
kuseri kwa koyezera magazi,
kuli kachipinda ka mipando iwiri.
Ndinapita ndi nkhani yanga yonse,
yosalala ngati mpini wakale,
poti ndaifotokoza kupolisi, kwa abusa,
ngakhale kumaliro a eni.
Mayi Nachisale anati, "Isungeni kaye.
Vulani nsapato.
Simenti ikuti chiyani kumapazi?"

Ndinafuna kuseka.
Ikuzizira, ndinatero.
"Nanga m'khosi?"
Muli chingwe.
"Musalimbane nacho. Bwererani kumapazi."

Milungu isanu ulendo womwewo:
mapazi, khosi, mapazi,
ngati munthu wokwera chitunda ndi thumba la feteleza,
kutula, kupuma, kusenzanso.
Ndinkatuluka ndikudandaula ndalama ya minibasi.

Lachinayi lina miyendo inayamba yokha.
Mawondo kuombana, mano gwedegwede,
ine bambo wa ana atatu,
pamaso pa mkazi wa mwini.
"Munaonapo nkhuku yopulumuka kwa kabawi?
Imayamba yaima duu,
kenako imakutumula nthenga
n'kubwerera kokapalasa.
Inu mwaima duu zaka ziwiri.
Zisiyeni zichite."

Ndinazisiya.
Mpweya unatsika mpaka pamchombo,
kumene unali utasiya kufika,
ndipo ndinayasamula, kuyasamulanso,
misozi osadziwa kuti ndi ya chiyani.

Sindinachire, musafulumire kundiyamikira.
Usiku wina ndimadzukabe zibakera zili chikunjire.

Koma dzulo ndinabwereka njinga yakapalasa ya mlamu.
Siyileni anakhala pakaliyala,
timanja take tiwiri m'chiuno mwanga.
Tisanafike pa Kamwendo
malaya anamatirira kumsana.
Ndinaima. Ndinavula patapata.
Dothi linali lofunda,
kamwala kamodzi pansi pa chala chachikulu.

"Ababa, tcheni chagwa?"

Ayi, mwanangu, gwira pomwepo.
Ndikudikira msana.
Ukubwera pambuyopa,
wapansi.