Mawu Asanu ndi Awiri

Lamlungu lililonse ku Tartu,
chipale chofewa chikadali pawindo,
Riho amalumikiza disiki yakuda ku kompyuta
n'kudikira kamzere kobiriwira
kakukwawa ngati nkhono.

M'menemo muli makalata a malemu Ülle,
zithunzi za ukwati, mapepala a nyumba,
zonse zokhomedwa ndi loko wosaoneka.
Wakuba atasuzumira angapeze phala la manambala.

Disiki imodzi imagona m'kabati.
Inzake amaiponya m'thumba la jasi
nawoloka nayo mlatho wa Emajõgi
kukaisiya kwa mlongo wake Maarika,
poti moto sugogoda makomo awiri usiku umodzi.

Kamodzi pamwezi amayesa:
kubweza fayilo imodzi, kuitsegula,
kuona ngati Ülle akumwetulirabe.
Akumwetulirabe.

Koma dzulo zala zinaima m'malere.
Mwa mawu asanu ndi awiri otsegulira aja,
liwu lachinayi linali chiyani?
Anakhala duu mpaka tiyi kuzizira.
Kenako linabwera lokha: mabulosi.

Usiku womwewo analemba onse papepala,
nalidula pakati,
theka kwa Maarika, theka kwa mwana wake ku Pärnu.
Disiki sinaiwalepo kanthu.
Wayamba ndi mwiniwake.