Khomo Lokhota

Hollis anadzala mphonda izi mu Epulo,
kuseri kwa galaja, m'mbali mwa waya wa a Pettway.
Sanadikire kukolola.
Ndinazithyola ndekha chisanu chitawaula masamba,
zisanu ndi ziwiri, zolemera ngati makanda,
n'kuzigoneka pa shelefu yake
pakati pa zitini za misomali ndi wailesi yakufa.

Miyezi itatu sindinapondemo.
Januwale atapendeka ndinakankha chitseko:
zonse zachita nkhungu, mawanga bii,
ziwiri zaphwafuka ngati masaya opanda mano.
Ndinatola ina kuti ndikataye.
Inandipepukira m'manja, ndipo inayankhula,
tseketseke, njere m'kati.
Ndinaima pamenepo, jekete pamwamba pa zovala zogonera,
ndikuigwedeza ngati wopenga
mpaka khofi anazizira pawindo.

Kutsuka kunanditengera masiku awiri.
Madzi ofunda, waya wokwechera mapoto,
zala kuchita makwinya.
Pansi pa litsiro panatuluka khungu la uchi,
lokhala ndi mapu a mayiko amene palibe anafikako.

Tavian wa a Pettway, zaka khumi ndi chimodzi,
anadumpha waya osaitanidwa.
Ndinati pana chipandachi ndi mawondo, usapume.
Muyeso wa khomo Hollis anapita nawo m'mutu mwake,
choncho ndinatenga chivindikiro cha botolo la mapiritsi ake,
ndinazunguliza pensulo.
Zinayi zinabooka bwino.
Pa chachisanu mpeni unaterereka,
khomo linakhota ngati pakamwa pa munthu
amene wamva nkhani koma sakuikhulupirira.

Fumbi la m'kati limawawa ngati kwinini.
Zimenezo Hollis sanandiuzepo.
Zaka makumi anayi ndimamuona akutsokomola pakhonde,
ine n'kumanena fodya.

Tinakokota matumbo ouma ndi supuni yaitali,
tinaboola timabowo pansi kuti mvula isagonemo,
ena awiri pakhosi, podutsa waya.
Utoto woyera, chifukwa dzuwa la Alabama
likhoza kuphika anapiye m'chipanda chakuda.
Tavian anafuna kulemba dzina lake.
Ndinati lemba pansi, mbalame siziwerenga.

Mlongoti tinaudzutsa anthu atatu,
wachitatu ndi wamakalata, Mayi Lavonne,
amene anasiya galimoto ikulira pamsewu.
Zipanda zisanu zinalendewera m'mphepo
ngati nyali zodikira wozikoleza.

Anamzeze akuluakuluwo amachokera ku Brazil,
kudutsa nyanja opanda chikwama, opanda kamba.
Hollis ankalemba tsiku lawo pa kalendala ya kubanki.
Chaka chino kalendala sindinakatenge.
Anabwerabe.
M'mawa wina, nkhungu ikukwera kuchokera ku Tombigbee,
ndinamva phokoso ngati madzi akutuluka m'botolo,
tambala wakuda wonyezimira atasuzumira pakhomo
monga mwini nyumba wobwera ku ulendo
kudzaona amene wakhudza katundu wake.

Anatenga zinayi.
Chokhota chija anachizungulira, anachisiya.
Sabata zitatu chinangozunguzika chokha.
Ndinachitsitsa, ndinachipachika pa msomali wa pakhonde,
pafupi ndi mpando umene sindikhalapo.

Lero m'menemo muli timba wofiirira,
kamchira njo, mawu oposa thupi.
Akulimbana ndi kamtengo kotalika kuposa khomo,
kukagwetsa, kukatola, kukagwetsanso,
mpaka wakapendeketsa
ndipo kalowa ndendende pokhota paja.

Tavian akuti nyumbayo si yake, timuthamangitse.
Ndamuuza kuti timba sachepa ndi mazira ake,
apite akachite masamu.

Njere zili mu envulopu ya ngongole ya magetsi,
mazana awiri kapena kuposa, ndinalekeza panjira.
Dothi la kuseri kwa galaja layamba kufunda.
Khasu sindikudziwa pamene analisiya.