Mlomo Wanga

Dzuwa la Januwale kuno ku Oulu
limangosuzumira masana n'kubwerera,
choncho nthawi ndimaiwerengera pa diripi:
maola asanu ndi atatu, thumba lina,
maola asanu ndi atatu, linanso.

Hilja ali ndi zaka zitatu.
Chikanga chinamuyamba asanakwawe.
Tinachizolowera ngati mlendo wosatsanzika:
kuseri kwa mawondo, m'zigongono, m'khosi,
mafuta m'mawa, mafuta usiku,
timasokosi m'manja kuti asadzikande kutulo.
Chisanu chikafika, khungu lake limang'aluka
ngati penti yakale ya pachitseko cha sauna.

Koma izi zinali zina.
Lachiwiri, timatuza tinayi patsaya.
Lachitatu n'kuti titadzaza,
tofanana tokhatokha, tobooka pakati,
ngati wina wayenda ndi nsonga ya msomali umodzi
kuchokera kukhutu mpaka pachifuwa.
Thupi moto. Kukanda analeka.
Apo m'pamene ndinachita mantha:
mwana woyabwidwa moyo wake wonse
kungogona phee, n'kuti, Bambo, pakuwawa.

Dokotala Rautiainen sanakweze mawu.
Anati khungu ndi mpanda,
ndipo wa mwanayu uli ndi mipata;
kachilombo kamene kwa ena kamathera pa kachilonda ka pamlomo
kakapeza polowera kamayenda bwalo lonse.
Kenako anafunsa, maso ali papepala:
Alipo kunyumba amene watuluka chilonda posachedwapa?

Marjut sanandiyang'ane.
Lilime langa linapita lokha
pa kankhanambo ka m'mbali mwa mlomo.

Ndinafika usiku ndi lole ya mitengo yochokera ku Kuusamo,
masiku anayi pamsewu woterera,
n'kumupeza ali mtulo, tsaya lofiira lili m'mwamba.
Ndinawerama.
Ndi zokhazo zimene ndinachita.

Tsopano ndimalowa ndi magolovesi, epuloni yapepala, chophimba pakamwa.
Namwino Tellervo, amene nsapato yake yakumanzere imalira,
amanyowetsa thonje n'kumakhudza chilonda chimodzichimodzi
ngati akuwerenga mikanda ya mwini.
Dzulo kunabwera dokotala wa maso
ndi dontho lachikasu ndi kanyali kabuluu.
Anayang'ana mpaka mpweya unandithera,
kenako anati: Sikanafike m'diso.
Ndinakalirira koimika magalimoto,
misozi n'kumaundana m'ndevu.

Tellervo anandipeza pa makina a khofi.
Anati ambiri amakasunga kachilomboka osadziwa,
sikasankha mlomo wa munthu woipa.
Ndinangogwedeza mutu.
Khofiyo anali atazirala kale.

Lero ndi tsiku lachisanu.
Palibe thuza latsopano; akale akuuma, akuda ngati khungwa.
Wadya theka la phala, wataya supuni mwadala,
ndipo madzulo ano ndamva, pansi pa bulangeti,
kachikhadabo kuseri kwa bondo: kwe, kwe, kwe.
Zaka zitatu ndakhala ndikulimbana ndi phokoso limeneli.
Lero ndaima pakhomo kulimvetsera.

Asanagone waloza tsaya lake, monga mwa masiku onse.
Ndapsompsona golovesi, chophimba chili pakati,
n'kuika dzanja pamutu pake, pamene tsitsi layambira.
Akuti, Sichoncho ayi.
Ndati, Ndikudziwa.