Njiwa Sidziwa Malire

Mfuti si yanga. Ndi ya mlamu wa ku Dwangwa,
ya mpweya, yothyoka pakati ngati bondo,
tizipolopolo take m'kachitini ka mafuta odzola.
Ndaikulunga m'chiguduli, ndaimanga pa kaliyala,
pakuti munthu sugogoda pakhomo pa mnzako
kamwa la chitsulo lili patsogolo.

Ku Lifuwu mpunga wawerama,
njiwa zatsika ngati zamva kuti kuli sadaka.

Oyamba ndi a Gwirize, matope mpaka m'maondo.
Odi wanga amuyankha osaweramuka.
Akuti ombera, mphwanga, ombera mpaka chala chitupe,
koma mzere wa udzu uwo ukuuona?
Ikagwera kuno ndi yako.
Ikagwera uko ndi ya Chagunda,
ndipo ine ndi Chagunda tinasiya kupatsana moni
chaka chimene ngalande inasuntha yokha usiku.
Ndawafunsa ngati njiwa yolasidwa imadziwa malire.
Akuti uiphunzitse.

Wachiwiri sanali mwini munda.
Kamnyamata, Lefani, zitini za miyala pachingwe,
mawu atasasa ndi kuamira chiyambire mbandakucha.
Kandiyang'ana ine, kayang'ana chiguduli.
Mukazitha, akulu, ine azindilipira za chiyani?
Apa ndi pamene ndimapezera kope ndi sopo.
Yankho ndinalibe.
Ndakapatsa chinangwa chimene ndinasungira masana,
ndakankha njinga.

Abiti Jafali andiyalira mkeka, andipatsa madzi,
andifunsa za kwathu, za mayi anga,
za mwendo wa mayi anga,
mpaka dzuwa lafika paliwombo.
Kenako aloza khola la pa nsanamira zinayi kuseri kwa nyumba.
Nkhunda izo anasiya ndi malemu.
M'mawa zimapita kumunda kukadya ndi zakutchire,
zimasakanikirana ngati anthu pa depoti ya ku Salima.
Chipolopolo chakocho chili ndi maso?
Ndati maso ndili nawo ndine.
Akuti malemu nawonso ankatero,
n'kudzabwera ndi tambala wa eni ake m'thumba.
Ayi wawo anali wofunda,
wokulungidwa bwino m'tsamba la nthochi,
moti ndanyamuka ndikuthokoza,
ndadzazindikira ndili panjira kuti andikaniza.

Minda itatu, inde mmodzi, nayenso wopunduka.

Ndabwerera kwa a Gwirize.
Ndakhala pa chulu, nyerere zikundiwerenga miyendo,
thukuta likulowa m'diso lomwe ndikulifuna.
Yoyamba ndaphonya.
Yachiwiri ndathothola nthenga ziwiri, yapita ikundinena.
Kutali zitini za Lefani zikulira,
zikundipirikitsira mbalame kapena kundilanda, sindikudziwa.
Yachitatu yazungulira m'mwamba ngati ikuganiza,
yagwa phi! chikhato chimodzi kuno kwa udzu.
A Gwirize aweramuka koyamba lero,
ayang'ana kwa Chagunda, aseka mpaka kutsokomola.

Kunyumba ndaisosola, kanyama kosadzaza dzanja,
mwana wanga akudikira mutu.
Ndang'amba chithokomiro.
Mpunga, wosagayika, wonyowa, wowerengeka.
Koma a Gwirize amalima faya,
ndipo uwu ndi kilombero, wautali, wonunkhira ngakhale muno,
umene dera lonselo ndinauona m'munda umodzi wokha,
wa mayi aja anandiyalira mkeka.

Ndiye kuti ndinapempha kumene inafera,
kumene inadya anandikaniza.
Nthenga ndaziyang'ananso pa nyali, imodziimodzi:
zotuwa, mkanda wakuda pakhosi.
Yakutchire, ndithu. Ndikhulupirira ndi yakutchire.

Timbewuto ndatsuka, ndayanika pa chivundikiro cha ndowa,
makumi anayi ndi tiwiri.
Mawa podutsa ndikatisiya pa mkeka paja.
Sindinaganize chokanena.
Mwina ndikati ndagwira wakuba wanu.
Mwina ndikangofunsa ngati madzulo ano
khola linakwana.