Wachiwiri ku Ngabu

Fomu inafunsa kukula kwa munda wanga.
Ndinaluma bolopeni.
Chaka chatha unali maekala awiri,
koma Ruo atabwera usiku anatengako theka
n'kundisiyira mchenga wa eni ake
ndi chitseko cha munthu wosadziwika.
Ndinangolemba kuti: zimatengera mtsinje.

Inafunsanso buku la zokolola.
Bukulo linapita ndi madzi, kaya akuliwerenga ku Mozambiki.
Zotsatira ndinkalemba ndi khala pa chitseko chija:
tsiku lofesa,
tsiku limene mvuu inadya mizere isanu ndi umodzi,
tsiku limene mpheta zinandigonjetsa nditakuwa mpaka kusasa mawu.
Mlangizi wathu, bambo Alufazema, anati tinyamule chitsekocho.
Tinachimanga pa kabaza kuchokera ku Makhanga,
tinachiwolotsa pa bwato pa Mtayamoyo,
anthu akufunsa ngati ndikusamutsa nyumba pang'onopang'ono.

Ku Ngabu dzuwa limabwera ndi mpando wakewake.
Makande anali atang'ambika ngati zidendene za osenza thonje.
Tinaima khumi ndi anayi pansi pa tenti,
ena a ku koleji, nsapato zowala, mapepala m'mafayilo,
ine ndi botolo la mapira ofiira
lomwe ndinakoleka mu msawu usiku wa chigumula
ndisanakwezemo ngakhale mng'ono wanga.
Mayi sanaiwalebe zimenezo.

Woweruza wa magalasi anagwada pa chitseko,
nawerenga ndi chala, khala likumudetsa.
Anafunsa: mbewu iyi dzina lake?
Ndinati kwathu timangoti ya kwa Nyakamera,
imapirira masabata atatu popanda dontho.
Analemba. Sanamwetulire.

Woyamba anali Jofilisi wa ku Nchalo, wa tomato wa m'mapaipi,
ndipo anayeneradi, tomatoyo ndinamuona ndi maso anga.
Anapatsidwa pampu ya dzuwa ndi ulendo wa ku Lilongwe.
Ine anandiitana molakwitsa, Dolifa n'kusanduka Dolofi,
ndinalandira wilibala, satifiketi
ndi m'manja mwa anthu omva njala.
Pobwerera chitseko chinakwera wilibala.

Mphotho yolemera inandipeza kumudzi.
A sikimu anakumana kuseri kwa chigayo
nati amene amalemba ngakhale pa chitseko
ndiye asunge kiyi wa geti la ngalande.
Ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi.
Kiyiyo ndamumanga pa chingwe m'khosi,
masana amandiwotcha pachifuwa.

Lachiwiri madzi ndi a kumunsi.
Amalume ali kumtunda, mpunga wawo wapinda masamba.
Anabwera mbandakucha, za madzi osatchulako,
anangofunsa ngati ndikukumbukira
ng'ombe imene inagulitsidwa kuti ndilembe mayeso.
Ndinayang'ana pansi. Achule anali pakamwa yasa.
Ndinati: Lachinayi, amalume.
Anachoka osatsanzika,
ndipo kuyambira apo moni wawo umathera pakhosi.

Pamenepo panalibe tenti,
panalibe wojambula, kapena woomba m'manja.
Madzi anangotsetsereka mu ngalande mwakachetechete
mpaka kwa mayi Fulukiya, kumapeto kwenikweni,
kumene kale ankafika ngati mphekesera.
Ndinawaona atavula patapata,
ataima m'matope, osanena kanthu.

Satifiketi chiswe chayamba kuilawa pakona.
Wilibala akubwereka ndi a mudzi wonse, tayala lapindika kale.
Chitseko ndachitsamiritsa pa nkhokwe,
mbali yake ina sinalembedwebe.
Usiku uno ndasongola khala, ndalemba:
Lachinayi, tambala woyamba, geti la amalume.
Ndikatsekula ndekha,
ndipo ndikakhala pamenepo mpaka atabwera.