Mtsetse wa ku La Cumbre

Tinafika pa La Cumbre injini ili wefuwefu.
Mpweya wa kumeneko ndi wosakhutitsa,
umaukoka kawiri kuti ukwane kamodzi.
Anacleto, apongozi anga, anatsitsa galasi
n'kuponyera agalu a m'mbali mwa msewu buledi wadzulo.
"Delfina," anatero, "kukwera n'kwa aliyense.
Kuyendetsa kukuyambira pano."

Msewu unaweramira ku Unduavi.
Ndinachotsa phazi pa moto
kuti galimoto ipume, nanenso ndipume.
Koma kamuvi ka pa wotchi ya injini,
m'malo mogona, kanadzuka:
zikwi ziwiri,
ziwiri ndi theka,
zitatu,
phazi langa lili phee pansi, losakhudza kanthu.
Nanga akuponda moto ndani?
Makireti opanda kanthu kumbuyoku ali gobedegobede,
nkhungu ikukwera kuchokera kuphompho
ngati utsi wa nyumba imene yapsa kale.

Ndinagwira giya kuti ndiike pa nyutulo,
phokosoli lithe.
Dzanja lawo linagwera pa langa, louma gwa.
"Ukaimasula, inde, kamuviko kagona,
injini iziliza mkonono ngati mphaka wokhuta,
ndipo phiri lonseli ulisenzetsa mabuleki okha.
Mabuleki ndi a mtima wapachala.
Pa kona yachisanu ndi chiwiri ayamba kununkha,
pa yakhumi phazi lako lilowa ngati waponda m'matope."

Sanaloze mitanda ya m'mbali mwa msewu.
Ndinaiona ndekha,
wina wa buluu, maluwa ake apulasitiki atayera ndi dzuwa.

"Pokwera paja injini imazunguza matayala.
Tsopano matayala ndiwo akuzunguza injini.
Kulira ukumvaku si kwa dyera la petulo ayi,
sikumwa n'komwe,
ikungomeza mpweya n'kuufinya.
Ikukana.
Ipatse giya yachiwiri, ikane bwino."

Ndinaponda kalachi, ndinakoka, ndinatula pang'onopang'ono.
Kamuvi kanalumphira pa zikwi zinayi,
galimoto inakuwa mpaka mano anga kunjenjemera,
lamba anandigwira pachifuwa,
ndipo chinachake kumbuyo kwathu
chinagwira mchira wa galimoto.
Kona inabwera moyenda, osati mothamanga.

"Kakayandikira pofiira, gunda buleki kamodzi, mwamphamvu,
kenako usiye. Usamagonerepo."

Iwo anatsika msewu umenewu zaka makumi atatu ndi chimodzi
ng'ala isanawatsekere diso lamanja.
Mwana wawo akusoka mabuluku ku São Paulo,
amatumiza ndalama, mawu ake amabwera mwa apo ndi apo.
Choncho manachesi a ku Coroico akudikira ine.
Kunyumba mkuluyu amalongolola kuyambira m'mawa:
ngongole iyi ayi, malata awo ayi, dikirani mvula ithe,
ndipo ndakhala ndikufuna pomuzimitsira.
Lero ndinamuyang'ana m'mbali,
tsaya lotupa ndi masamba a koka,
khutu atalitchera kumene diso silifika,
milomo ikuwerenga kulira kwa injini
ngati akumvera m'bale wake akulankhula.

Tinatsika.
Miyala inasanduka udzu, udzu unasanduka nkhalango,
m'makutu munaphulika kawiri,
ndinavula juzi ndi dzanja limodzi.
Pomwe msewu unagona chagada,
kamuvi kanatsika kokha, popanda wokauza,
ndipo phazi langa linakumbukira ntchito yake yakale.

Pa Yolosa tinaima pansi pa nthochi.
Injini inali pa mazana asanu ndi atatu,
ikung'ung'udza ngati sinakuwepo chibadwire.
Lole ina inali itaima patsogolo pathu,
matayala ake akufuka, mnyamata akuwathira madzi a m'ndowa.
Anacleto anatuluka, anafufuza tayala lathu lakutsogolo,
anaika chikhatho pa chitsulo chake, osachichotsa.
"Bwera udzagwire," anatero.

Ndinagwira.
Chinali chofunda chabe,
ngati mphumi ya mwana amene malungo amuchoka.