Nambala Seveni Ikudonthanso

Yayamba kumzikiti asanaitane.
Ndinaimva ikuyesa malata ndi zala,
kenako ndi zibakera,
ndipo ndinadziwa ndisanatsegule maso
kuti nambala seveni ikudonthanso,
pomwe paja, kumiyendo kwa bedi,
pamene ndinamata phula mwezi watha
n'kulumbira pamaso pa Abiti Sumani
kuti pano ndiye zatheka.

Ndowa zilipo zitatu, podontha pali pasanu.
Masamu amenewa kusukulu sanatiphunzitse.
Pachinayi ndatchera beseni la matawulo,
pachisanu poto wopanda chogwirira.
Mlendo wa ku Namwera, wogulitsa feteleza uja,
wangokokera bedi pakati
n'kufunda mutu osanena kanthu.
Otere ndimawaopa kuposa olalata.

Mashiti a dzana akadali pachingwe m'khonde,
fungo lake ngati galu wogona panja.
Asiyatu akuwasita kachitatu ndi simbi yamakala
poti magetsi anapita ndi mphezi yoyamba
osatsanzika.

Kaisi, mpopi wa kubafa sukutseka!
Kaisi, chule mu nambala thuu!
Kaisi, ngalande yakuseri!
Dzina langa limanyowa kuposa malaya.
Ndapinda buluku, ndapisa mkono mpaka m'phewa:
masamba a mango, majumbo,
patapata wa mwana, wakumanzere.
Madzi atapeza njira
angodutsa osathokoza.

Kenako kapepala,
kolembedwa ndi bolopeni yofuna kutha:
mababu awiri, sopo wamtanda,
misomali ya malata theka la kilo,
buledi, mazira khumi,
loko wa nambala sikisi
poti kiyi anapita naye dalaivala wa ku Chiponde.
Lisiti usaiwale.
Ndalama ndakulunga m'jumbo ya shuga,
jumbo m'chipewa, chipewa kumutu.

Njinga yakana matope, ndaikankha ngati mbuzi yopita kumsika.
Pamlatho ndaima pang'ono.
Shire wasanduka tiyi wamkaka,
wasenza namasupuni ndi mtengo wa nthochi wathunthu,
sakufunsa kuti ndi wa yani.
Akabaza aunjikana pakhonde la sitolo,
aliyense wakumbatira chishalo chake.
Che Jafali akweza misomali.
Ati ndi mvulayi.
Ndawafunsa ngati misomali imalimidwa m'dimba.
Sanaseke.

Pobwerera dzira limodzi lasweka.
Ndikudziwa kale kuti limenelo ndadya ine
pakutha pa mwezi.

Cha m'ma thuu koloko yapumira.
Makwerero, hamala, chitini cha phula.
Padenga pamaterera ngati mlamba,
ndimayenda chokwawa, kutsata mzere wa misomali
kumene kuli mtanda pansi.
Kuchokera pano ndimaona mpaka kwathu kwa Mpondasi,
osati nyumbayo, koma mgwalangwa woyandikana nayo.
Kumenekonso kukudontha.
Mkazi wanga amasuntha mphasa usiku wonse
ngati akusewera bawo ndi mitambo,
ndipo safunsanso kuti udzakwera liti lathuli.

Ndakhoma, ndamata, ndakhomanso.
Dontho loyamba landimenya pakhosi
ndisanatsike.

Madzulo ndakolopa khonde kachisanu,
ndipo kachisanu wadutsapo munthu wa nsapato zamatope
n'kunena kuti pepani achimwene,
phazi lili kale pakati.
Wa feteleza walipira, wanyamuka, sabweranso.
Ndapereka lisiti ndi chenji.
Abiti Sumani awerenga mazira,
misomali sanawerenge.
Inayi ili m'thumba langa, ikundibaya ntchafu.
Ayang'ana thumbalo, ayang'ana kumwamba,
ati mawa ulawirire.

Ndikutseka geti, nyali ya njinga yamoto yandithobwa.
Mayi ndi kamwana kumsana, chitenje chili chonyowa chonse,
ati basi ya ku Monkey Bay yawasiya.
Malo alipo?

Ndatsegula buku, ngakhale ndikudziwa.
Chatsala chimodzi.
Ndatenga kiyi wa seveni, kandulo, machesi,
ndi ndowa, mwina mwake.
Tonse atatu taima pakhomo
kumvetsera denga.